Mmene munthu waulumali angadzitetezere ku HIV ndi matenda opatsirana pogonana

Uthenga wa HIV umene timamva pa wailesi ndi wabwino ndithu, koma amene anaukonza ankaganizira munthu wodzuka yekha n'kuyenda wapansi kupita kuchipatala, wa zala zamphamvu zong'ambira paketi ya kondomu, womva kuwotcha pokodza n'kudziwa kuti china chake chalakwika, komanso wotha kuliyatsa liwiro zinthu zikathina. Ngati mumayendera njinga ya olumala kapena ndodo, ngati matenda a poliyo anakufooketsani miyendo muli mwana, ngati munavulala msana pa ngozi ya minibasi kapena kabaza, munadulidwa mwendo, kapena sitiroko inakuumitsani mbali imodzi, zimene anzanu amachita mwadzidzidzi inu muyenera kuzikonzeratu nthawi ikadalipo.

Kalembera wa 2018 ku Malawi anapeza kuti anthu oposa 10 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Kafukufuku wa dziko lonse wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kachilombo ka HIV mwa anthu 8.9 pa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo, ndipo amayi ndi amene anachuluka. Anthu amenewa amakhala m'midzi imodzi, amatunga pa mjigo umodzi, amafunsirana. Komabe alipo amuna amene akaona mtsikana woyendera ndodo amati, "Ameneyu alibe matenda, anagonapo ndi ndani?" Amabwera usiku, masana moni sapereka, kondomu amaikana poti palibe choopa. Za magazi a mtsikanayo waweruza kale, za magazi ake iye mwini sanena. Ndipo nthawi zambiri mtsikanayo ndi uja makolo sanamutumize kwa anankungwi, uja anasiyira sukulu panjira chifukwa cha mtunda, ndiye palibe anamuuzapo kanthu.

Yambani ndi kuyezetsa, ndipo m'chipindamo mutsale nokha

Kuyezetsa magazi m'zipatala za boma n'kwaulere. Chodula ndi ulendo. Wa kabaza amalipiritsa inu n'kulipiritsanso njinga yanu, kondakitala amati njingayo yadya malo a anthu awiri. Choncho phatikizani maulendo. Tsiku la mafizo ku Kachere mu Blantyre kapena pa chipatala cha boma, tsiku lokakonzetsa njinga kapena nsapato zachitsulo ku bungwe lothandiza anthu aulumali la MAP, tsiku la sikelo ya mwana, likhalenso tsiku loyezetsa. Musananyamuke, tumizani uthenga kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, mumufunse ngati chipinda choyezera chili ndi masitepe, nthawi imene amatsegula, ndiponso ngati oyeza magazi oyendayenda afika posachedwa kufupi ndi kwanu.

Masitepe anthu amakunyamulani, mumadutsa. Chovuta kwambiri ndi munthu amene wakukankhani kuchokera kunyumba. Kaya ndi mlongo wanu, mayi anu kapena mwana wa achemwali anu, akafika pakhomo la chipinda amalowa nanu limodzi mwachizolowezi, ndipo woyeza uja amatembenukira kwa iye: "Akudandaula chiyani awawa?" Pamenepo simunganene kuti muli ndi chibwenzi, simungapemphe makondomu, ndipo zotsatira zikatuluka mudzi wonse udziwa dzuwa lisanalowe. Ndiye mawu anu akonzeni muli kunyumba. Kwa wokuperekezani nenani kuti, "Achimwene, mungondilowetsa, kenako mukandidikire pa benchi panjapo, ndikuitanani." Kwa wachipatala nenani kuti, "Adokotala, funsani ineyo, mwini wake ndili pano." Ngati mukufuna wokuthandizani kukwera pa bedi, athandize, atuluke, adzalowenso potsika. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limafuna kuti munthu ayezedwe atavomereza yekha ndi kuti zotsatira zake zisungidwe mwachinsinsi, ndipo silinapatule oyendera njinga.

Buku lanu la kuchipatala muzisunga nokha. Likamakhala m'chikwama cha wina, chinsinsi chanu chilinso m'chikwama momwemo.

Ulendo ukakanika, pemphani kachipangizo kodziyezera nokha ka OraQuick. Mumapukuta kamtengo kake kamodzi ku nkhama za m'mwamba, kamodzi ku nkhama za m'munsi, n'kukaviika m'kabotolo ka madzi ake. Muwerenge pakatha mphindi 20, zisanakwane 40. Mzere umodzi pa C ndiye kuti kachilombo sikanaoneke. Mizere iwiri ndiye kuti pitani kuchipatala akatsimikize, musayambe kulira maliro kapena kumwa mankhwala a mnzanu. Wa dzanja limodzi aike kabotoloko pa kachoimikira kake patebulo kasanatsegulidwe, chifukwa madziwo akatayika ntchito yatha. Amene ali kale pa ma ARV asakagwiritse ntchito, kakhoza kumunamiza kuti alibe.

Kachilombo kongolowa kumene sikaoneka nthawi yomweyo. Ngati munagonana mosadziteteza posachedwapa, zotsatira zabwino za lero si zomaliza. Bwererani pa tsiku limene akuuzeni, ndipo muyezetsenso pakatha miyezi itatu.

Kondomu ndi manja amene muli nawo

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangodutsa ngati palibe vuto. Tengani makondomu angapo, kaya aulere a kuchipatala, kaya Chishango kapena Manyuchi ya pa golosale, muyeserere nokha masana, mutatseka chitseko, mpaka mudziwe chimene manja anu angathe ndi chimene sangathe. Usiku wa zochitika si nthawi yophunzira.

Onani deti pa paketi. Ifinyeni pang'ono, muzimva kampweya m'kati. Ngati yaphwa, itayeni. Kankhirani kondomuyo mbali imodzi ya paketi ndi chala chachikulu, mung'ambe ku mbali inayo, kumene kuli timano. Anthu a zala zofooka amathamangira mano kapena lumo, koma kabowo kamene mano amasiya simungakaone. Ngati dzanja limodzi ndi limene limagwira, panikizani paketi pakati pa mawondo kapena pansi pa chigongono, mung'ambe ndi dzanja labwinolo. Zikakanika, ntchitoyo mupatseni mnzanuyo: ang'ambe, atsine kansonga kuti mpweya utuluke, afunyulule mpaka kutsinde chida chitadzuka. Palibe chamanyazi pamenepo, ndipo mabanja ambiri amapeza kuti n'gawo la kusewera komwe. Chofunika n'chakuti inu muone ndi maso anu kuti yavalidwa.

Posungira pake: osati pansi pa khushoni ya njinga. Pamenepo pamatentha, pamapanikizika tsiku lonse, ndipo mpira umawonongeka. Ikani m'kathumba ka pambali, ndipo ena akhale pafupi ndi pogona, pamene dzanja lanu limafika mutagona kale. Munthu amene wasamuka movutikira kuchoka pa njinga kupita pa bedi sadzukanso kukatenga kondomu m'sutikesi, ndipo wokana kondomu amadziwa zimenezo.

Ngati kumunsi simumva kukhudza, maso ndi dzanja zigwire ntchito ya khungu. Bambo wovulala msana sangamve kondomu ikavuka kapena ikaphulika, makamaka poti chida chimatha kugwa msanga. Musazimitse nyale yonse, tochi ya foni ndi yokwana. Pakati pa zochitika gwirani kutsinde muone ngati idakalipo, ndipo pochoka muigwire kuti isatsalire. Mayi amene samva kumunsi afikitse dzanja agwire yekha asanayambe, agwirenso pakati. Alipo amuna amene amavula mwakachetechete podziwa kuti mayiyo sazindikira. Kuteroko ndi nkhanza, ndipo mukazindikira chitani zimene zalembedwa pa gawo la maola 72.

Kondomu ya amayi anthu amaiseka, ati ndi yaikulu, ati imachita phokoso, koma kwa mayi waulumali ili ndi ubwino umodzi waukulu: mukhoza kuivala maola angapo zisanachitike, nokha, mosathamanga. Ili ndi mikombero iwiri. Finyani wam'katiwo kuti utalike, muulowetse m'njira ya amayi mpaka pamene chala chafika, wakunjawo utsale kunja utaphimba maliseche. Ngati kunjuta kapena kuimika mwendo pa mpando sikutheka, gonani chammbali, ikani pilo pakati pa mawondo, kapena tsamirani khoma mutakhala pa mphasa. Poyamba gwirani mkombero wakunja ndipo muonetsetse kuti chida chalowa m'kati mwa kondomu, osati m'mbali mwake. Kunena zoona, kwa amene zala sizifinya n'komwe imavuta, ndipo si zipatala zonse zimene zimakhala nayo tsiku lililonse, choncho mukaipeza tengani zingapo. Musaphatikize ya abambo ndi ya amayi nthawi imodzi, zimakhulana n'kung'ambika.

Kuuma ndi mdani wina. Amayi ambiri ovulala msana sanyowa mokwanira, ndipo poti ululu saumva, khungu limachekeka iwo osadziwa, kachilombo n'kupeza polowera. Pemphani mafuta oterera a m'timapaketi amene kuchipatala amati lubricant. Vaseline, mafuta ophikira ndi mafuta odzola amadya mpira wa kondomu ya abambo. Amene anabadwa ndi chotupa cha pamsana chimene madokotala amati spina bifida achenjere: ambiri mwa iwo thupi limadana ndi mpira wa latex. Mukaona kuyabwa, kutupa kapena kubanika mutakhudza kondomu kapena magolovesi, lekani, mukafunse makondomu opanda latex.

Chubu cha mkodzo sichiletsa kugonana. Khuthulani thumba la mkodzo ndi kusamba musanayambe. Bambo akhoza kupinda chubucho motsatira chida, kusiya kautali pang'ono kuti chisakoke, n'kuvala kondomu pamwamba pa zonse ndi mafuta oterera, koma ayang'anitsitse chifukwa chubu chikhoza kuboola kondomu. Mayi achimatire ndi pulasitala pa ntchafu kapena pamimba kuti chisakokeke. Mukatha, sambaninso ndi kumwa madzi ambiri.

Chenjezo kwa ovulala msana chakumtunda, kuyambira cha pachifuwa kukwera kukhosi: mukamva mutu ukuwawa mwadzidzidzi ngati ukuphulika, thukuta kumaso, mphuno kutseka, lekani nthawi yomweyo. Ndi BP imene yakwera mwangozi. Khalani tsonga miyendo ili pansi, masulani chilichonse chothina, onani ngati chubu chapindika. Zikapanda kutsika m'mphindi zochepa, thamangirani kuchipatala. Mnzanuyo mumuuziretu zimenezi tsiku loyamba lisanafike.

Akakana kondomu

"Switi sadyera m'pepala," amatero. Ena amawonjeza mawu opweteka: "Ndikukuchitira chifundo, wina angakufune ndani?" Munthu amene wakula akuuzidwa kuti sadzakwatiwa kapena sadzakwatira amavutika kukana, makamaka ngati wolankhulayo ndi amene amagula sopo ndi ufa. Nkhani ya kondomu ikambeni masana, mutavala, muli pa njinga yanu, pamalo pamene mukakuwa anthu amva. Mupempheni mukayezetse limodzi. Amene akuchita manyazi kukukankhani pa msewu kupita kuchipatala masanasana wakuuzani kale maganizo ake.

Ngati mukudziwa mumtima kuti kondomu siizigwiritsidwa ntchito nthawi zonse, kapena mnzanu ali ndi kachilombo ndipo sanakhazikike pa mankhwala, funsani za PrEP. Awa ndi mankhwala a munthu amene alibe kachilombo: piritsi limodzi tsiku lililonse, ndipo muwerengere masiku asanu ndi awiri musanawadalire. Amayamba akuyezani kaye, ndipo mumayezetsanso miyezi itatu iliyonse. Uzani wachipatala ngati mumadwaladwala matenda a m'njira ya mkodzo kapena mumamwa Brufen ndi diclofenac pafupipafupi chifukwa cha ululu wa mafupa, pakuti mankhwala a tenofovir amene ali m'piritsilo amafuna impso zabwino. Kuyambira 2024 zipatala zina za ku Blantyre ndi Lilongwe zinayamba kupereka PrEP ya jakisoni wa cabotegravir, wobaya miyezi iwiri iliyonse. Kwa amene botolo la mapiritsi lingaonedwe ndi aliyense woyala pogona pake, jakisoniyu ndi wothandiza, ngakhale amafuna ulendo wosaphonya. Amabaya m'thako, ndiye ngati muli ndi chilonda pamenepo kapena minofu inafota, nenani. PrEP siteteza ku mimba, chindoko kapena chinzonono.

Abambo, mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa mpata woti inu mutenge kachilombo kuchokera kwa mayi ndi pafupifupi 60 pa 100, osati kuuthetsa. Dikirani masabata asanu ndi limodzi musanagonane, ndipo ngati simumva ululu, balalo muziliona ndi maso tsiku lililonse ndi kuliteteza ku mkodzo.

Gulani kagalasi

Kagalasi ka m'manja ka pa msika n'kokwana. Amene anaphunzitsidwa ku mafizo kuyang'ana zilonda za pogona akudziwa kale ntchito yake; ingowonjezani kumaliseche. Kamodzi pa sabata, posamba, onani kutsogolo, m'mphechepeche ndi kumbuyo. Mukufuna kachilonda, matuza, njerewere, zotupa za mabomu, mafinya kapena chikazi chosintha mtundu ndi fungo. Onaninso kabudula wam'kati musanamuchape. Kachilonda koyamba ka chindoko sikapweteka ngakhale kwa munthu womva bwinobwino, ndipo kamapola kokha matenda akupitirira m'magazi. Kwa wovulala msana, chizindikiro chikhoza kukhala miyendo kukokana kuposa masiku onse, kutentha thupi, kapena thukuta losadziwika chifukwa chake. Chilonda cha pogona chimabwera pamene fupa limapanikiza, pathako kapena pachiuno. Chikabwera pamaliseche penipeni, musachiike m'gulu limenelo.

Matenda amenewa amatsegulira HIV khomo, ndipo ambiri amachizika. Musagule makapisozi awiri pa golosale. Pitani kuchipatala, malizani mankhwala onse, ndipo mnzanu alandirenso, apo ayi akubwezerani. Amayi a m'mbali mwa nyanja, ku Mangochi, Salima, Nkhotakota, kapena ku chigwa cha Shire, atchulenso za likodzo, chifukwa limatha kuyambitsa tizilonda m'njira ya amayi tofanana ndi ta matenda opatsirana pogonana.

Kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero n'kumene amayi aulumali ambiri amabwererapo pakhomo, chifukwa bedi lake ndi lalitali ndipo amafuna miyendo itakanulidwa m'mwamba. Musabwerere. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi kwambiri, ndipo bungwe la WHO limati mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi. Pemphani bedi lalifupi, kapena namwino wachiwiri wogwira mwendo, kapena kuti akuyezeni mutagona chammbali bondo litapindidwa. Auzeni kuti miyendo yanu imakokana ikakokedwa mofulumira. Ndipo mwana wanu wamkazi waulumali amene sapita kusukulu musamuiwale pa katemera wa HPV, woteteza ku khansa imeneyi. Anzake amabayidwira kusukulu, iye muyenera kumufunsira kwa mlangizi wa zaumoyo.

Za kulera ndi mimba

Kufa miyendo sikutseka chiberekero. Mayi akavulala msana amatha kusiya kusamba kwa miyezi ingapo, kenako msambo umabwerera, mimba n'kutheka. Posankha njira yolera, kaya kuchipatala cha boma, ku Banja La Mtsogolo kapena ku bungwe la za kulera la FPAM, nenani kuti mumakhala pansi tsiku lonse. Mapiritsi olera a mphamvu ziwiri amawonjezera chiopsezo cha magazi kuundana m'mitsempha ya miyendo, ndipo jakisoni wa Depo akagwiritsidwa ntchito zaka zambiri amafooketsa mafupa, amene mwa inu ndi ofooka kale. Njira ya pamkono kapena lupu zikhoza kukuyenerani, koma mukambirane. Wachibale asakusainireni kuti akutsekeni, chisankho chimenecho ndi chanu.

Mukakhala oyembekezera yambani sikelo msanga, ngakhale wina pa mzere anong'one kuti, "Koma amuna alibe chisoni." Mimba mwaifuna nokha, simukuyenera kufotokozera aliyense. Kuyambira 2011 Malawi imapereka ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachilombo, ndipo n'zimene zimateteza mwana.

Maola 72

Gawo ili likonzeni lero, ngakhale mukukhulupirira kuti sizidzakuchitikirani. Wogwiririra munthu waulumali kawirikawiri si mlendo. Ndi woyandikana naye amene amadziwa nthawi imene onse apita kumunda, kumaliro kapena kutchalitchi. Nthawi zina ndi wachibale yemwe amakusambitsani. Uzani kalipentala atsitse chotsekera chitseko chifike pamene dzanja lanu limafika mutakhala. Ndodo kapena njinga zigone pafupi nanu, asamakaziike kuseri poti zikuthinitsa m'nyumba. Foni ikhale ndi moto ndipo igone pansi pa pilo. Kawezulo ka mpira kamamveka patali kuposa mawu. Sankhani munthu mmodzi wakunja kwa nyumba yanu, mayi wa kumpingo kapena mnzanu wa ku banki m'khonde, mugwirizane kuti mukamuimbira n'kudula abwere osafunsa. Sungani nambala ya wa kabaza mmodzi wodalirika ndi kandalama ka ulendo umodzi kosakhudza.

Zikachitika, kapena kondomu ikaphulika ndi munthu amene simukudziwa za magazi ake, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala a PEP amateteza ku HIV akayambidwa maola 72 asanathe, ndipo ola lililonse lochedwa limachepetsa mphamvu yake. Mumamwa mwezi wathunthu osadumphitsa. Pemphaninso mapiritsi oletsa mimba a pangozi, amene amagwira bwino m'masiku atatu oyamba ngakhale amaperekedwa mpaka masiku asanu, komanso mankhwala a matenda ena opatsirana pogonana. Musataye tsiku podikira kalata ya kupolisi kapena ya amfumu. Yambani ndi chipatala. Ngati mwagwiriridwa ndipo mungathe, musasambe, ndipo zovala muzikulunge m'pepala kapena m'nsalu, osati m'jumbo. Ngati mwasamba kale, pitanibe.

Pa zipatala zikuluzikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, pali malo a Chikwanekwane pamene achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amapezeka pamodzi, zimene zimapulumutsa maulendo atatu. Kupolisi funsani ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ya Victim Support. Pa foni, 5600 ndi nambala yaulere ya nkhani za nkhanza, 116 ndi ya ana.

Achibale adzati, "Tikambirane pachiweniweni, tisachititse manyazi banja," makamaka ngati wolakwayo ndi amene amadyetsa pakhomo. Adzanenanso kuti khoti silingakhulupirire munthu ngati inu. Zokambiranazo zimatha masiku, PEP sadikira. Kaya mlandu mudzausumira kapena ayi, mankhwala yambani. Miyambo ya fisi, kulowa kufa ndi kusasa fumbi inaletsedwa ndi lamulo la 2018 lija, ndipo bodza loti kugona ndi munthu waulumali kapena namwali kumachotsa kachilombo, kapena kumabweretsa chuma, likadali m'makutu mwa ena. Sing'anga wonena zimenezo akutuma munthu kukapalamula mlandu.

Mukapezeka nako

Mankhwala amayambidwa tsiku lomwelo kapena m'masiku ochepa. Akuluakulu ambiri pano amamwa piritsi limodzi patsiku lokhala ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, limene m'buku amalemba 13A. Musanachoke pa windo yesani kutsegula botololo. Ngati chitsekerero chikukukanikani, akutsegulireni ndi kuchotsa kapepala komata pakamwa pake pomwepo, kuti kunyumba musamadalire munthu tsiku ndi tsiku. Ikani alamu pa foni.

Tengani mankhwala onse amene mumamwa muwaonetse. A khunyu monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone amachepetsa mphamvu ya dolutegravir, chimodzimodzinso rifampicin wa TB, choncho adokotala amasintha kamwedwe kapena mankhwalawo. Mapiritsi owonjezera magazi, a calcium olimbitsa mafupa, ndi a chilungulira amafuna kutalikitsa nthawi. Funsani maola ake, alembe m'buku.

Nenani poyera kuti ulendo umakudyerani ndalama zingati. Amene akumwa mokhulupirika ndipo tizilombo tachepa m'magazi amatha kupatsidwa mankhwala a miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Funsaninso ngati munthu amene mwamusankha nokha angamakutengereni masiku ena, ndi ngati m'dera lanu muli gulu losinthana potenga mankhwala. Tsiku loyeza kuchuluka kwa tizilombo lokha musatume munthu. Zotsatira zikamabwera zoti tizilombo sitikuoneka, ndipo mukupitiriza kumwa, simupatsira mnzanu pogonana, ndipo mukhoza kukonza zokhala ndi mwana wopanda kachilombo.

Chenjerani ndi chizolowezi chokankhira chilichonse ku ulumali. Kuonda, kutuluka thukuta usiku, dzanzi latsopano, kufooka kwa dzanja limene linali labwino, chifuwa chosatha: achibale, ngakhale achipatala ena, adzati, "Ndi mmene alili." Inu mukudziwa mmene thupi lanu linalili mwezi watha. Nenani kuti ichi n'chatsopano, mupemphe akuyezeni TB. Ovulala msana chakumtunda satsokomola mwamphamvu, ndiye TB imatha kubisala nthawi yaitali.

Mukabwezedwa pakhomo, kunyozedwa kapena chinsinsi chanu chikaululidwa, lembani tsiku, nthawi ndi chipinda, mukadandaule kwa wolandira madandaulo (ombudsman) wa pa chipatalapo kapena kwa mkulu wa zaumoyo wa boma lanu. Zikapanda kuyenda, pitani nazo ku mabungwe oona za anthu aulumali a FEDOMA ndi MACODA imene kale tinkaitcha MACOHA, kapena ku Malawi Human Rights Commission. Mukapita awiri kapena atatu a gulu lanu la anthu aulumali amakumverani msanga kusiyana ndi kupita nokha, ndipo pa ulendo womwewo mukhoza kupempha kuti tsiku la kuyeza magazi ndi khomo la chiberekero lidzachitikire pamalo pamene gulu lanu limakumana.